Nyumba ya Mipando Yosakhalidwa

Amayi atabwera ku Indiana kudzandiona, n'kuti nditatha chaka chathunthu osaponda m'kalasi. Sukulu ndinaisiya mwaulemu, osamenyetsa chitseko, moti ndikukayika ngati sukuluyo inazindikira. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indianapolis, koma kumudzi ankadziwa kuti ndili chaka chachitatu pa koleji ina ku South Bend.

Amayi anga nkhani yaikulu safunsa chiimire. Amayamba akhala pansi, n'kukonza chitenje, kenako munthu umaona zakuda. Ndiye pulani yanga ya sabata yonse inali imodzi: asakhale. Ndinawazungulitsa m'mashopu a ku Lafayette Square mpaka tonse mapazi anatupa. M'galimoto ndinkakweza nyimbo za kwaya, poti mayi wopemphera sadula nyimbo pakati.

Lachisanu anati, "Lero ukandionetse sukulu yako."

Tinayenda maola awiri ndi theka, ine maso ali ngati mwathiridwa mchenga. Titalowa mu South Bend ndinakhotera kwina. Ndinati tiyambe taona nyumba ina yakale, popeza munthu wophunzira amalemekeza mbiri. Ndinanena ndi nkhope ya m'busa.

Chinali chinyumba cha miyala, cha banja lina lolemera lomwe kale linali ndi fakitale mumzindamo. Eni ake anatha, ndipo masiku ano aliyense amalowa bola wagula tikiti. Pakhomo Amayi anati, "Odi!" n'kuyamba kuvula nsapato. Ndinawagwira mkono.

"Eni ake kulibe, Amayi."

"Apita kuti?"

"Kumanda."

"Nanga ife tadzatani?"

Ndinangowakokera m'kati.

Wotiyendetsa anali mayi wachizungu wa imvi, womwetulira osapuma. Titangolowa m'chipinda choyamba mtima wanga unakhala m'malo. Mipando inalipo yankhaninkhani, yofewa, ya miyendo yopotoka, ndipo uliwonse anaumanga chingwe kuti pasakhale munthu. Ndinati chamumtima, Mulungu sataya wake.

"Iwe, ameneyu ndi mpongozi wa pano?" Amayi anandinong'oneza.

"Ayi, ndi wantchito."

"N'chifukwa chake. Alendo kuwalonjera chiimire ngati tili pa depoti."

M'chipinda chodyera anali atayala mbale ndi mafoloko pa tebulo lalitali, kudikira anthu omwe sadzadyanso. Amayi anafunsa kuti amatsuka ndani. Tinakwera masitepe, tinaona mabedi osagonapo, tinatsika, tinakweranso ena. Ine ndinkamasulira zomwe mayi uja ankanena, ndipo pomwe ndatopa ndinkangopeka. Wotchi ina ndinati inali mphatso ya mfumu ya ku Ulaya. Mwina inalidi.

Tinafika kukhitchini. Mayi uja ali pakati pofotokoza za mabelu oitanira antchito, Amayi anamasula chitenje chapamwamba, anachiyala pansi, n'kukhala, miyendo tambalale. Mayiyo anayang'anayang'ana, koma pansi panalibe chingwe. Anamwetulira kwambiri, n'kupitiriza ndi alendo ena omwe tinali nawo.

Sindikanaima njo pamutu pa mayi anga. Ndinanjuta. Anakonza chitenje.

"Eya. Sukulu ija ili patali bwanji kuchokera pano?"

"Mphindi khumi."

"Tikafika ukandionetsa mpando wako m'kalasi?"

Ndinayang'ana mapoto amkuwa opachikidwa kukhoma. Anali aukhondo kwambiri ndipo sanandithandize.

"Ndinasiya, Amayi. Chaka chatha."

Ndinali nditakonza zifukwa zisanu ndi ziwiri, zina za m'Baibulo. Sanafunse n'chimodzi chomwe. Anangosisita bondo lawo nthawi yaitali.

"Ndiye mashopu onse aja?"

"Eee."

"Ndi miyendo yangayi?"

"Pepani."

"Ukanandiuza Lolemba, bwenzi tikugona masana ngati anthu." Anapumira m'mwamba. "Abambo ako ukawauza wekha pa foni. Ine katundu ameneyo sindikwera naye ndege."

Zipinda zotsalazo sitinazione. Panja ndinafunsa ngati tizibwerera kunyumba.

"Ayi, tiye kusukuluko. Ndayenda mtunda wonsewu."

Ndinapaka pafupi ndi geti. Ana a eni ankadutsa ndi zikwama kumsana, ena akuthamanga. Ndinazimitsa injini, n'kudikira kuti atsegule chitseko. Amayi anayang'ana pawindo kwa kanthawi, chikwama chawo chili pamiyendo.

"Ndaona," anatero. "Yendetsa."