Kochi Amene Anakwerera Ndege pa Mkono Wanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene mliri wa korona unatitsekera m'nyumba ku Doha. Tinkakhala m'dera la Najma, ine ndi amayi, m'kafulati ka pamwamba pa shopu yokonza mafoni. Amayi anali namwino. Masiku amenewo ankafika kunyumba nkhope ili mizeremizere chifukwa cha masiki, ndipo ankayamba asamba kaye asanandipatse moni. Ine maganizo anga onse anali pa mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, woponya ndi dzanja.

Mpirawu ndinaudziwira kusukulu. Mphunzitsi wathu wa masewera, Kochi Martin, anali wa ku America komweko. Tsiku lina anandiona ndikuponyera mnzanga botolo la madzi kuchokera tsidya lina la bwalo, ndipo anandiitana n'kundigwira phewa.

"Mkono uwu unautenga kuti?"

Ndinawauza kuti kwathu ku Balaka ndinakula ndikugenda malambe. Anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo kuyambira pamenepo anandisandutsa kotabaki, woponya mpira amene timu yonse imayang'ana kwa iye. Anandiphunzitsa kaimidwe ka mapazi, kagwiridwe ka zala, ndi kuona bwalo lonse m'kuphethira kwa diso. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho sindibisa, mawu a munthu ameneyu ankandilowa mpaka m'mafupa.

Ndi iwo amene anandifotokozera kuti kwawoko makoleji amalimbirana anyamata oponya bwino akadali kusekondale. Amatumiza anthu kukawaonerera, kuwanyengerera ndi kuwalonjeza maphunziro aulere. Mliri utaimitsa maulendo, anthu aja anayamba kusankha osewera poonera mavidiyo.

"Nthawi yako ndi ino," anatero a Kochi. "Pa vidiyo palibe amene ali kutali."

Sukulu inali yotseka, koma pageti panali mlonda wa kwathu, a Mbewe a ku Kasungu, amene ndinkangowatcha ankolo. Malamulo a mliri atayamba kufewa, iwo ankatitsegulira bwalo m'mamawa dzuwa lisanakwiye.

"Yalla, lowani msanga supavaiza asanafike," ankatero. "Koma iwe mphwanga, ukakafika ku Americako usakatiiwale ife a yunifomu."

Ndimakumbukirabe fungo la udzu wapulasitiki ukayamba kutentha, ngati tayala lopsa, ndi thukuta lolowa m'maso mpaka kuwawa. A Kochi ankaimika foni pa kamtengo kake n'kujambula. Kawirikawiri ankalowamo okha m'vidiyomo, kundikonza chigongono, kenaka n'kutembenukira ku foni kufotokoza chimene akonza ndi chifukwa chake. Ine ndinkaona ngati akundiyamikira kwa azungu anzawo.

Patapita miyezi tikutumiza mavidiyowo kumakoleji, koleji ina yaing'ono ya kudera lozizira inandiyankha. Munthu wawo anali bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Anatiimbira pa vidiyo ndipo analankhula kwambiri ndi amayi kuposa ine. Anati malo alipo, sukulu, chakudya ndi pogona zonse zili kwa iwo, koma sakanalonjeza kuti ndidzasewera chaka choyamba. Foni itaduka, amayi anavina m'khitchini yunifomu ili m'thupi, mpaka Mfilipino wa khomo loyandikana nafe anagogoda kufunsa ngati kuli ukwati.

Nditawauza a Kochi, nkhope yawo inagwa.

"Usavomere," anatero. "Kameneko ndi kakoleji ka kutchire. Pali koleji yaikulu, ya pa TV, imene ikukufuna. Ndikulankhula nawo sabata iliyonse."

Amayi sanafune kumva za m'maluwa. Anaitana a Kochi kunyumba, anaphika mpunga ndi nkhuku, n'kuwakhazika pafupi ndi windo kuti mpweya uzipita. Atatha kudya anawafunsa.

"A Kochi, ine za mpira sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana ndili naye yekhayu. Tikawakana awa, enawo ndi otsimikizika?"

A Kochi anaika dzanja pachifuwa. "Mayi, Limbani ndi mwana wanga. Sindingamugwetsere m'dzenje."

M'mawa mwake tinaimbira bambo wachikulire uja n'kumukana. Iye anati: "Mwana wanga, waganiza bwino? Malowa sadikira munthu." Ndinayankha kuti ndaganiza bwino, ndipo ndinayankha monyada.

Kenaka kunali kudikira. Ndinkadzuka n'kuyang'ana foni ndisanatsuke m'kamwa. Mauthenga a Kochi anayamba kufupika. Ndikafunsa ankangoti, "Posachedwa, inshallah." Ndi nthawi yomweyo pamene malamulo a ntchito anasintha, kuti munthu azitha kusiya ntchito popanda kugwadira bwana wake kuti amumasule. Ankolo ndi alonda anzawo ankaikamba nkhaniyi pageti mosangalala, wina akuti akasaka ntchito kuhotela, wina akuti akayendetsa galimoto. Ine ndinkangodutsa, poganiza kuti sizikundikhudza.

M'mawa wina ndinafika ndi mpira m'khwapa, koma ankolo sanadzuke kukatsegula geti.

"Kodi sanakutsanzike?"

"Ndani, ankolo?"

"A Kochi akowo. Dzulo ndawanyamulira ndine masutikesi kuwaika m'takisi ya ku eyapoti. Akuti apeza ntchito kwawo, pakoleji ina yaikulu. Khalas, zatha, apita."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti ndiye kuti zatheka, atsogola kukandikonzera malo. Ankolo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anasuntha pabenchi kuti ndikhale, n'kunditsanulira tiyi wa m'fulasiki yawo. 

Zoona zake ndinadzazipeza ndekha pa tsamba la pa intaneti la koleji yaikulu ija. Ankalengeza za wothandizira kochi watsopano, ndipo pansi pake panali vidiyo. Nditaitsegula ndinadziona ndekha, pa udzu wathu uja, malaya atanyowa. Mawu a Kochi Martin ankafotokoza mmene anatolera mnyamata wa ku Africa amene anali asanaugwirepo mpirawu n'kumuumba kukhala kotabaki. Dzina langa silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Nditatsika m'munsi ndinapeza chithunzi cha kotabaki amene kolejiyo inatenga chaka chimenecho, mnyamata wamtali wa komweko. Anali atasaina kalekale, a Kochi asanabwere n'komwe kudzadya nkhuku kwathu.

Apa m'pamene zinandilowa. Sananame kuti ankalankhula nawo sabata iliyonse. Koma nkhani imene ankakamba inali ya ntchito yawo, ndipo ine ndinali chifukwa choimbira foni. Ndikanasaina ndi koleji yaing'ono ija, akanasowa chogogodera pakhomo la anthuwo.

Ndinawaimbira a Kochi, foni inangolira. Patapita masiku anatumiza kauthenga: "Zinthu zinasintha, ngwazi. Pitiriza kulimbikira." Ndinameza manyazi n'kuimbira bambo wachikulire uja. Anandikumbukira, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti malo aja anapatsa wina. Anawonjezera kuti chifukwa cha mliri osewera akale anawalola kukhala chaka china, choncho makoleji ambiri anali odzaza. Anandifunira zabwino, ndipo ndinamva kuti ankanena zochokera pansi pa mtima. Zimenezo zinandipweteka koposa.

Amayi atabwera kuntchito ndinawapatsa foni. Anaonera vidiyo ija ali chiimire pakhomo, chikwama chili paphewa. Itatha anaibwerezanso.

"Munthu ameneyu anadya m'mbale yanga," anatero motsitsa mawu.

Sanandikalipire, sanatukwane munthu. Tsiku lotsatira anadzuka n'kupita kukasamala odwala monga mwa masiku onse, koma kwa nthawi yaitali sindinawamvenso akuimba pophika.

Sindinapite ku America. Nditamaliza sekondale ndinabwerera kumudzi, ndipo pano ndikumaliza maphunziro a zomangamanga ku Blantyre. Anthu akamva nkhaniyi amathamangira kundiuza kuti zonse zimachitika ndi cholinga. Mwina. Ine sindinafike pokhululuka, ndipo sindinamizira kuti ndinafika.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu akhoza kukuphunzitsa zoona, kukusamala zenizeni, n'kukugulitsabe tsiku limene mtengo wako wakwana. Kale ndinkayesa kuti wachinyengo amaoneka pankhope, kapena kuti amanama pa chilichonse. Ayi, uyu ananama pa chinthu chimodzi chokha, ndipo chinali chimene moyo wanga unatsamirapo. Masiku ano wina akandiuza kuti nditaye chimene chili m'manja mwanga chifukwa chachikulu chikubwera, ndimamumvetsera mwaulemu mpaka amalize. Kenaka ndimamufunsa funso limene ine ndi amayi sitinalidziwe tsiku lija: nanga inuyo, ndikakana, mupindulapo chiyani?