Mankhwala a m'maso a dona wa ku Faerie Glen

Mpaka lero ndikaona kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso, mtima umandiwira.

Tinkachita lendi kachipinda kakuseri ku Capital Park, ku Joni, ine, amuna anga ndi mwana wathu wa zaka ziwiri, wodwala mphumu. Tsiku lina ndinamusiya ndi alamu anga, achemwali a bambo ake, ine n'kupita kukafunsira ntchito ndi satifiketi yanga yakukoleji. Fumbi la mu Ogasiti linali litamufiiritsa maso.

Alamuwo ankagwira ntchito yam'nyumba ku Faerie Glen. Chimene dona wawo wataya, iwo ankatola: nsapato, makatani, ngakhale mankhwala. Ife mankhwala timagawana ngati mchere, ndipo a mzungu ndiye amati salephera.

Pobwera masana ndinapeza mwana thukuta lili kamukamu, dovu likuyenderera pachifuwa, akupuma ngati wina wamukhalira. Kakuda ka m'maso mwake kanali katachepa ngati nsonga ya singano.

"Mwamupatsa chiyani?"

"Eish, mlamu, a m'maso basi. A dona. Odula awa, si apagolosale ayi. Ndimangomudonthezera akalira."

"Akalira! Mwana amalira kangati, alamu?"

Ndinawalanda kabotoloko, mwana kumbuyo, ulendo wa kutakisi.

Kuchipatala adokotala anawerenga dzina la mankhwalawo: pilokapini. Anati ndi a anthu odwala nthenda ija yothinitsa diso m'kati mpaka munthu kuchita khungu. Amatsanzira chinthu china cha m'thupi chimene mitsempha imagwiritsa ntchito polamula ziwalo: malovu tulukani, thukuta tuluka, njira za mpweya finyikani. Kwa donayo ankapulumutsa maso. Mwa mwana wanga anatsikira kumphuno, kulowa m'magazi, n'kukapeza chifuwa chothina kale. Anamubaya jakisoni wolimbana nawo, n'kumuveka chopumira kumaso. Ine ndinangoima, maso ali pa nthiti zake, ndikupemphera Chichewa chimene panalibe wochimva m'chipindamo.

Nthitizo zinayamba kukwera ndi kutsika bwino. Anapuma.

Titatuluka, amuna anga anati, "Mayi a mwana, mukapepese. Munawakalipira achemwali anthu akuona. Iwo ankangofuna kuthandiza."

Sindibisa, ndinawatukwanadi pageti tsiku lija, mawu oti mayi anga atawamva angagwire pakamwa. Koma kupepesa ndinakana. Amene anatsala pang'ono kuika mwana m'manda ku Joni ndi ine, osati iwo.

Kuntchito kuja anandiitana. Sindinapite. Wina womusiyira mwana ndinalibe, ndipo kwa alamu sindinamusiyenso.