Matenda alumpha osuta fodya, agwira bambo

Mwaswera bwanji nonse. Tangofika kumene kuchokera kuchipatala ndi bambo, anatiperekeza ang'ono awo a Saidi.

Zotsatira zatuluka. Ndi khansa ya m'mapapo, koma akuti ya mtundu wosowa, yoti imagwira ngakhale munthu wosasuta.

Tsono imvani izi. Adokotala polowa anapeza a Saidi akutsokomola, mano ali biii ndi fodya, basi n'kukhala pafupi nawo kuyamba kuwalimbitsa mtima. Ndinachita kunena kuti, "Iyayi adokotala, odwala ndi awa."

Nonse mukudziwa kuti bambo sanagwirepo ndudu. Nthawi ya atsamunda, ali anyamata ku Chikweo, anawapeza a Saidi akupichira fodya kuseri kwa nkhokwe, n'kukawanenera kwa agogo, a Saidi n'kukwapulidwa. Kuyambira pamenepo nyimbo ya bambo ndi imodzi: "Saidi, iwe ndidzakuika ndine."

Titatsika minibasi pa Ulongwe, a Saidi anatulutsa fodya wawo m'thumba, kumuyang'anitsitsa, n'kumuponya m'ngalande misozi ikutsika. Bambo anangoti, "Katole. Wakusunga zaka zonsezi ameneyo." Ine sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire.

Adokotala akuti opaleshoni ingatheke ku Blantyre poti chotupacho chikadali chaching'ono, koma tisachedwe. Bambo akuti ayambe athyola kaye thonje lawo.

Tiwakakamize kapena tiwasiye athyole? Yankhani lero, makamaka inu achimwene ku Balaka, poti inu ndiye amakumverani.