Kodi nyemba zimamva nyimbo?

Lolemba m'mawa nkhungu inatsika mpaka pabwalo la sukulu yathu kuno ku Mongue, kutsidya kwa malire a Malawi, moti ana ankatulukira mmodzimmodzi ngati akutsika mumtambo. Linali tsiku loyeza nyemba zathu za m'zitini, ndipo ana anga a setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, anali atazungulira kale khonde ine ndisanatsike panjinga.

Koma ndiyambe ndi mmene zitinizo zinafikira pakhondepo.

Mwezi watha m'phunziro la sayansi tinkakamba za mafunso. Ndinawauza kuti alipo mafunso amene munthu angayankhe ndi maso, manja ndi chingwe choyezera, ndipo alipo ena ongokhala mumtima. Aliyense abwere ndi lake, ndinatero. Anabwera nawodi. Wina ankafuna kudziwa kumene mphepo imagona. Wina anafunsa ngati mitambo yochokera ku Malawi imaima pachipata cha malire kuonetsa mapepala.

Kenako Filomena anakweza dzanja. Ndi mtsikana wofatsa, wokhala pafupi ndi zenera, yemwe mayi ake anamwalira chaka chatha.

"Pulofesora, kodi nyemba zimamva nyimbo?"

Jasinto, mnzake wa m'kalasi yemwe pakamwa sipatseka, anaphulika kuseka. "Iwe, makutu a nyemba unawaona pati?"

Filomena sanamuyang'ane. Anati mayi ake ankayimba m'dimba la nyemba m'mawa uliwonse, ndipo nyembazo zinkabereka mochititsa kaso. Chaka chino masamba anapiringizika, zokolola sizinadzaze ndi dengu lomwe. Bambo ake akuti mnansi wa dimba lakumunsi anakawa mbewu ndi mankhwala aufiti, moti awiriwo anasiya kulonjerana. "Koma ine ndikuganiza kuti nyemba zinangosowa nyimbo," anatero.

Mukanakhala inu, mukanamuyankha chiyani? Kuti ndi zachibwana? Funso la mwana wamasiye suliponya padzala.

Ndinamuuza kuti zakuti nyemba zimamva chisoni, palibe chingwe chingayeze. Koma zakuti nyemba zoyimbiridwa zimatalika kuposa zosayimbiridwa, chingwe chikhoza kutiuza. Filomena anati zitalika ndithu. Ganizo lotere buku lathu la Chipwitikizi limalitcha ipoteze. Ine ndimawauza ana kuti ndi ganizo lonyamula m'manja otambasula, kuti likapezeka lolakwa usavutike kulisiya.

Kukonza kwake anachita okha, mokangana ngati pamsika. Dothi la dzenje limodzi. Nyemba za m'thumba limodzi. Madzi a kapu yofanana. Chitini chimodzi mbali iliyonse sichikwanira, anatero wina, nanga mbewu yake ikakhala yofumbwa? Ndipo Jasinto yemwe uja ndiye anaona chimene tonse sitinachione: zitini zikakhala pamodzi, zonse zimva nyimbo. Tinazigawa, zina kumapeto kuno kwa khonde, zina kumapeto uko, konse kofika dzuwa la m'mawa mofanana.

Masabata otsatirawo sindidzawaiwala. Nthawi yopuma ikakwana, Filomena ndi anzake ankagwada pa zitini zakuno n'kuyimba nyimbo ya Chilomwe imene mayi ake ankaikonda. Mawu ake ankalowa pazenera pang'onopang'ono ngati utsi wa masamba onyowa. Ndinkaima ndi choko m'manja n'kupezeka ndili kutali, m'madimba a ubwana wanga, kumene amayi owerama m'mame ankang'ung'udza nyimbo zopanda mwini. Ndinene zoona, mtima wanga unkafuna kuti nyemba zimve.

Tsono Lolemba lija tinayeza. Mwa zoyimbiridwa munali zazitali ndi zazifupi. Mwa zosayimbiridwa chimodzimodzi. Tinabwereza, koma kusiyana kunalibe.

Filomena anayang'anitsitsa zitinizo, chingwe chili lende m'manja. Ngakhale Jasinto sanaseke.

"Kapena n'chifukwa chakuti woyimbayo si mayi," anatero Filomena motsitsa mawu.

Ndinamufunsa kuti, "Mayi ako akamayimba, manja awo ankatani?"

Anatsinzina, ngati akuwaonera patali. "Ankazula udzu. Ankatembenuza masamba n'kumaphwanya nsabwe ndi chala. Nthawi zina ankawaza phulusa."

"Nanga chaka chino ankachita zimenezo ndani?"

Anatsegula maso. "Palibe. Bambo amalawirira kumalire ndi njinga ya chimanga."

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. Ife akuluakulu kudekha kumeneku tinakutaya kuti? Mbewu ikakanika, nkhuku zikafa, malonda akaima, funso lathu loyamba limakhala lakuti "ndani?" Funso limeneli ndi lokoma pakamwa, chifukwa yankho lake limakhala pafupi, kuseri kwa mpanda. Koma silingayezedwe. Palibe chitini chingakuuzeni kuti mnansi wanu ndi mfiti, komanso palibe chingamuyeretse. Likangofunsidwa, limakhala pakati pa mabanja awiri mpaka zidzukulu.

Funso lakuti "chasintha n'chiyani?" ndi laulesi pofika. Limafuna kuti ugwade, uyang'ane pansi pa tsamba, udikire masabata. Nthawi zina limakubwezera yankho limene sunalifune. Koma silinaphwanyitsepo chitseko cha munthu.

Sindikunena kuti mafunso a mumtima tiwataye. Kumene mphepo imagona ndikufunabe kudziwa. Ndikungonena kuti tisatenge funso la mumtima n'kukaweruzira nalo munthu wamoyo.

Lachinayi ndinakumana ndi bambo ake a Filomena pamsika, akumanga thumba panjinga. Anandiimitsa.

"Aphunzitsi, mwana wanu uja wandidulira dimba pakati ndi chingwe. Akuti mbali ino azitembenuza masamba m'mawa uliwonse asanabwere kusukulu, mbali inayo tiisiye monga tinachitira chaka chino."

"Inu mwavomera?"

"Ndikanatani? Akuyankhula ngati mayi ake." Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana kumbali. "Kuyimbako sanasiye. Koma akuti aziyimbira mbali zonse ziwiri, kuti chosiyana chikhale chimodzi chokha."

Ndinawafunsa za mnansi wa dimba lakumunsi uja. Anakoka chingwe cha thumba, n'kuchikokanso.

"Tidikire nyemba ziyankhe kaye," anatero. "Dzulo ndinamupatsa moni. Anadabwa, koma anayankha."

Anakwera njinga n'kulowera njira ya kumalire, ine n'kutsala chiimire pakati pa ogulitsa tomato. Sindikudziwa chimene dimba lija lidzanene. Mwina nsabwe, mwina dothi latopa, mwina china chimene sitinachiganizire. Koma m'bale wanga wowerenga, munthu amene munasiya kumulonjera uja, mlandu wake munauyeza ndi chiyani?