Tinawakakamiza a Kachale

Ndine ndinachotsa ulemu wa banja la a Kachale pamaso pa anthu, ndipo ndinachita zimenezi ndi fomu imodzi ndi bolopeni. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Kuno ku Hull, Mmalawi akangofika ndi chikwama chake, nambala yoyamba kupatsidwa inali ya a Edmund Kachale. Iwo anabwera mu 2004, enafe tisanalote n'komwe za Ulaya, ndipo pasipoti ya kuno anatenga kalekale. Ankanyamula mabokosi m'nyumba yosungira katundu kufupi ndi doko, koma ntchito yawo yeniyeni inali ifeyo. Kalata yovuta ikabwera, kwa a Kachale. Landilodi akayamba matukutuku, kwa a Kachale. Mnzathu wina atamwalira, ndi iwo anathamanga ndi mapepala mpaka thupi linakwera ndege.

Chimodzi chokha chinkanditopetsa nawo: udindo ankaukana. Ukulu wa mpingo anakana, utcheyamani wa gulu lathu la Amalawi anakananso. Ife tinkangoti, ha, kudzichepetsa kwakeko! Paja kwathu munthu waulemu savomera mpando ulendo woyamba. Amakana, anthu n'kuumirira, kenako n'kuvomera ngati womugwira pakhosi. Wovomera msanga timati ndi wadyera.

Chaka chatha kampani ina inachotsa basi ya m'mamawa imene tinkakwera ife osamalira okalamba. Ine shifiti imayamba seveni, ndiye ndinayamba kuyenda wapansi mphindi makumi anayi m'chisanu, ndi mawondo angawa. Nditamva kuti kukubwera chisankho cha makhansala, ndinati eya, tiimike wathu akatilankhulire. Nanga tikanaimika ndani wina?

Ndinawafunsa pafoni, anakana. Ndinawatchingira pakhomo la tchalitchi, anakananso. Akazi awo, mayi Matilda, namwino wofatsa uja, anandikokera pambali.

"Mayi a Alinane, asiyeni bambowa, chonde," anatero.

"Mukuopa kuti azimayi a kukhonsolo akulandani?" ndinawaseka. Pakamwa pangapa!

Lamlungu mapemphero atatha tinasonkhana m'holo, anthu ngati makumi asanu. Ndinali nditabwera ndi mafomu. Ndinayambitsa nyimbo, amayi nthungululu, abambo akuwakweza dzanja m'mwamba. A Kachale anati, "Abale anga, sindingathe." Ife m'manja phwaphwaphwa, kuposa poyamba. Ndinawapanikiza bolopeni m'dzanja, ndipo a Hudson, mlembi wa gulu lathu, analoza pansi pa pepala.

"Apa mungosaina kuti palibe lamulo lokuletsani kuima, achimwene. Kusaina bodza ndi mlandu, koma inu bodza mulitenga kuti?"

Anthu anaseka. A Kachale anayika bolopeni patebulo.

"Sindingasaine," anatero. "Dzina langa lili m'kaundula wa apolisi wa anthu opalamula milandu yogonana. Zaka zitatu zapitazo, ndikugwira ntchito kwina, ndinamugwiragwira mayi wina wa kuntchito, iye akukana. Khoti linandipeza wolakwa, ndipo ndinalakwadi. Kuvota ndimaloledwa, koma kuima pa ukhansala ayi, kufikira zaka zisanu zitakwana."

Ine ukali unandikwera mpaka m'makutu. Ndinaganiza za mayi uja, amene sindikumudziwa ngakhale dzina, akudzuka m'mawa kupita kuntchito kumene kuli munthu amene anamugwira. Ndinalankhula mokweza, "Ndiye nthawi yonseyi mumalowa m'nyumba zathu ife osadziwa?" Anthu anayamba kutola majekete ndi ana awo, mmodzimmodzi, tiyi n'kuzizira m'makapu.

Kuchokera tsiku limenelo foni yawo sililira. Makalata athu timapita nawo kwina. Kutchalitchi anabwera kawiri, benchi yawo n'kukhala yawo okha, ndiye analeka. Ena amati lamulolo n'labwino, ndipo nanenso ndimatero: munthu wotere adikire kaye. Pa zimenezo sindisintha.

Koma amene anandisowetsa tulo ndi mayi Matilda. Amayi a m'gulu anawachotsa pa mndandanda wophika pa zochitika, popanda wowauza chifukwa. Moni anthu ankawapatsa wa patali, wongokweza dzanja. Iwo anapempha kuntchito kuti azigwira Lamlungu lililonse.

Mwezi watha ndinawapeza pamalo odikirira basi pafupi ndi chipatala, yunifomu ili mkati mwa jekete, ataonda zedi. Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona kale.

"Mayi, pepani," ndinatero. "Ine sindinkadziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya n'komwe, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

"Bambowa sindikuwaikira kumbuyo," anatero. "Chilango chawo n'chowayenera. Tsiku la khoti ndinalira chifukwa cha mayi uja, osati chifukwa cha iwo. Zaka zitatu ndasenza zimenezi ndekha. Ndikatuluka m'nyumba ija, malo okhawo amene ndinkapumirako anali pakati pa inu, Lamlungu, tikuimba Chichewa. Tsopano ndikapumire kuti, mayi a Alinane?"

Basi yawo inabwera, anakwera, ndipo sanacheuke.