Tsiku limene a Ewald anaperekeza Loyce kukasaina

A Ewald Timm ndinawadziwa m'chaka cha 2006, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Springburn. M'mawa uliwonse ndinkakwera nyumba yosanja ija kukawasambitsa, kuwaveka masokosi ndi kuwakakamiza mankhwala. Ndasambitsapo nkhalamba zambiri mu Glasgow muno, koma yamakani ngati imeneyi sindinaionepo. Anali atayandikira zaka makumi asanu ndi anayi, akuyendera ndodo, khutu limodzi litafa, koma ukati uwagwire mkono kuti asagwe ankakukankha ngati wawatukwana.

Anthu a m'nyumbamo ankangowatchula kuti Mjeremani uja. Munthu anathera mphamvu zake zonse kufakitale yopanga mitu ya sitima zapamtunda mpaka inatsekedwa, anakwatira mkazi wa konkuno, malemu mayi Vera, anakalambira pompano, komabe anali Mjeremani uja. Achinyamata opulupudza nthawi zina ankawachitira sawatcha ya chipani cha Nazi pakhomo la chikepe, iwo n'kungodutsa ngati sakuona. Zimenezi ine zinkandiwawa kwambiri, makamaka nditadziwa kumene munthuyu anachokera.

Mbiri yawo sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, pakati pa kudandaula kuti madzi atentha ndi kudandaula kuti azizira. Anabadwira pafupi ndi doko la Hamburg. Ali mnyamata analowa ntchito yothira malasha pang'anjo ya sitima yapamadzi yonyamula katundu pakati pa Germany ndi Scotland. Nthawi imeneyo n'kuti a chipani cha Nazi atayamba kusaka Ayuda, kuwalanda masitolo, kuwachotsa ntchito, kuwatola m'nyumba zawo. A Ewald sanali wandale, ngakhale kutchalitchi sankapondako. Anangoona dokotala amene anawazula dzino ali mwana akukolopetsedwa msewu, anthu atamuzungulira n'kumaseka, ndipo zinawanyansa.

Iwo ndi mnzawo wina anakhoma kachipinda ka matabwa kuseri kwa mulu wa malasha, kokwana anthu awiri atapinda miyendo. Ulendo ukakwana ankabisamo Ayuda othawa, madzi ndi buledi n'kumawapititsira m'ndowa yotayira phulusa. Maina sankafunsa, poopa kuti akadzagwidwa angadzawatchule. Nditawafunsa kuti anaolotsa angati, anangoti ochepa, n'kundiuza kuti ndisiye zolongolola ndiwapatse thaulo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzawafunafuna kuti awathokoze, poti nawonso sankadziwa dzina la mnyamata wakuda ndi malasha uja.

Wina anawaulula. Apolisi anawasunga kwa masabata, ndipo kumeneko ndi kumene khutu linafera, zala ziwiri za kumanzere n'kupola zopindika. Umboni utasowa anawamasula, iwo anakweranso sitima, anatsikira ku Scotland ndipo sanabwererenso. Nkhondo ya pakati pa Germany ndi dziko lino itayamba, a kuno nawo anawatsekera kumsasa chifukwa anali Mjeremani. Atatuluka n'kukwatira, abale a mayi Vera sanabwere kuukwati, poti mlongo wawo anafa ndi mabomba a Ajeremani. Akafika pamenepa a Ewald ankaseka, ine n'kumapsa mtima m'malo mwawo. Ana analibe.

M'nyumba yoyang'anizana ndi yawo munkakhala Loyce, mayi wachitsikana wa ku Ntcheu amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Loyce anathawa mwamuna amene anamuthyola mkono n'kumulonjeza kuti ulendo wina athyola khosi. Mwamunayo anali ndi abale m'malo oti ukakadandaula amakubwezera kwa mwini wake yemweyo. Loyce anapempha kuti dziko lino limusunge, koma anamukana, akuti kwathu kulibe nkhondo. Apilo inali kwa loya. Podikira yankho, Lachiwiri lililonse ankayenera kukasaina ku ofesi ina kutsidya kwa mtsinje, kusonyeza kuti sanathawe. Ntchito sankaloledwa kugwira, ndiye tsiku ankathera kwa a Ewald, kuwaphikira supu ndi kukangana nawo za mchere. Ankawatchula agogo. Iwo ankanyinyirika kuti si agogo a munthu aliyense, koma akachedwa kugogoda ankandituma kuti ndikaone ngati wadwala.

Chaka chimenecho anthu okanidwa ankawatenga m'mamawa kuti akawabweze kwawo, ena akadali m'zovala zogonera. A Ewald atamva zimenezi anachita ngati unyamata wabwerera. Tsiku lina ndinawapeza atatulutsa mathaulo onse m'kabati momwe munali thanki ya madzi otentha, atazula mashelefu ndi zala zawo zopindikazo, ataikamo pilo, botolo la madzi ndi kandowa. Ndinawakalipira kuti akanagwa mlandu ukanakhala wa ndani. Anandiuza kuti nditseke pakamwa, ndilowemo aone ngati munthu akukwana. Ndinalowa ndithu, mayi wa ana atatu, yunifomu ili m'thupi. Ndinakwana.

Loyce ataona kabatiyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenaka analira. Anawauza kuti sangabisale. Akangophonya kusaina amulanda nyumba, apilo ifera pomwepo, ndipo adzakhala wothawathawa moyo wake wonse. Loya anali atamuuza kuti chitetezo chake n'kumvera basi. Kwa eni kulibe mkuwe.

Apa a Ewald anatiuza za telala wina Myuda, dzina lake Lewin, amene malo ake kuseri kwa malasha anali atakonzedwa kale. Tsiku lonyamuka telalayo anabwera kudoko atavala suti, kudzapepesa. Anali ataitanidwa ku ofesi mawa lake kuti akadinditse mapepala, ndipo sankafuna kutuluka m'dziko lake ngati mbava pamene akanatha kutuluka mwaulemu. Sitima inanyamuka kachipinda kaja kali kopanda munthu. Pobwerera, a Ewald anapeza shopu ya telalayo itakhomedwa matabwa, ndipo oyandikana nayo onse ankati sakumudziwa.

Ine ndinawadula pakamwa. Ndinati asayerekeze zinthu zosafanana, kuno sapha anthu, angomuopseza mwana wa eni ake.

"Ndikudziwa kuti n'zosiyana," anatero a Ewald. "Ndinaliko, Matilda, usandiphunzitse. Ine ndikungoti munthu wopita yekha ndi miyendo yake sungamubise."

Lamulungu lotsatira kutchalitchi kunamveka zoti anthu ena awiri anapita kukasaina osabwererako. Azimayi analangiza Loyce kuti azinyamula kachikwama ka zovala ndi mankhwala, iye anakana, akuti kumeneko n'kudziitanira tsoka. A Ewald nawo anagamula kuti ngati akupita ndithu, iwo amuperekeza. Ndinawauza kuti munthu wolephera kufika yekha kubafa sangakwere mabasi awiri m'nyengo yozizira. Anandiyankha kuti ndikawaneneze kwa abwana anga. Ndinaona kuti ndikungotaya malovu, ndiye ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kupita nawo.

Anavala chijasi chawo cholemera, chipewa ndi tayi. Loyce anavala diresi lake la kutchalitchi. M'basi a Ewald ankamulangiza motsitsa mawu, kuti akalowa ayang'ane kumene kuli zitseko, asakhale pakona, wina akamuitanira m'chipinda chamkati akuwe kuti iwo amve. Loyce ankangovomera kuti chabwino agogo, kwinaku akunditsinzinira diso.

Pakhomo la ofesiyo panali mlonda, mnyamata waulemu wake, amene anatiuza kuti olowa ndi okhawo odzasaina. A Ewald anayesa kukankhira ndodo patsogolo, mnyamatayo anangomwetulira n'kupepesa.

"Agogo, musasunthe pamenepa, ndikutuluka pompano tikagule tchipisi," anatero Loyce. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Asisi, muwayang'anire, asayambe ndewu ndi asekyulite. Ndingosaina, sinditenga taimu."

Analowa. Kunja kunali kamvula kowaza kaja kosadziwika poyambira. Anthu amene analowa pambuyo pa Loyce anayamba kutuluka, wina akupukuta thukuta m'nyengo yozizira, wina akuimbira foni kunyumba kuti wapulumuka sabata ino. A Ewald anaima chilili, maso ali pachitseko, atatsamira ndodo yawo. Mlonda uja anamva chisoni. Anawatulutsira mpando n'kuuika pansi pa denga, kenaka anabweretsa tiyi wotentha m'kapu ya pepala ndi mabisiketi awiri. Anawafunsanso ngati mphepo sikuwapeza pamenepo. Nkhalamba inali itazizidwa mpaka milomo kuda. Inalandira n'kumwa.

Ndinaimbira foni ya Loyce, inali yozima. Ndinaimbira loya, anandiuza kuti ali kukhoti. Masana ndithu galimoto yoyera yopanda mawindo kumbuyo inatulukira pageti la kuseri n'kukhota pakona. Tinaiona tonse awiri. A Ewald anabweza maso kuchitseko chija, ndipo anakhala choncho mpaka magetsi a mumsewu anayaka.

Nthawi yotseka itakwana, mlonda anabwera kudzatenga mpando wake. Anati mkatimo simunatsale munthu, ndipo zambiri sangatiuze poti si ife abale. Ananena mofatsa, nkhope ili yachisoni, moti ngakhale ine wamkamwa ndinasowa pomugwira. Ndinkayembekeza kuti a Ewald abangula, amenya ndodo pagalasi, achita chilichonse. Anangodzuka, anamupatsa kapu ija, ananena mawu amodzi amene sindinawamve bwino, n'kuyamba kuyenda kulowera kokwerera basi.

Kumpingo tinayesa. Abusa anaimba mafoni, azimayi tinasala kudya, ena anakaima ndi zikwangwani pamvula. Sabata isanathe Loyce anali atamukweza ndege. Anandiimbira kamodzi ali ku Lilongwe, pafoni yobwereka, akunong'ona. Anati ali kwa msuweni wake, masana satuluka, ndipo mwamuna uja wamva kale kuti wabwera. Anafunsa ngati agogo akudya. Pambuyo pake nambala ija inasiya kupezeka. Ndafunsa aliyense wopita kumudzi, mpaka lero sindidziwa ngati Loyce ali moyo.

A Ewald makani anatha. Madzi atenthe, azizire, sankanena kanthu. Mankhwala ankameza osafunsa kuti ndi a chiyani. Nkhalamba yomvera ndi yosavuta kuisamalira, koma ine ndinkatuluka m'nyumbamo mtima ukuwawa, ndikulakalaka atanditukwana ngakhale kamodzi. Ndinayesa kuwalimbitsa mtima kuti iwo analibe chochita, kuti malamulo ndi malamulo, kuti Mulungu amaona. Zonsezi zinkalowera kukhutu lakufa lija.

M'mawa wina, nyengo yozizira isanathe, ndinawaikira kapu ya tiyi patebulo monga mwa masiku onse. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaikankhira kutali pang'onopang'ono.

"Ku Hamburg anandimenya masabata, sindinawapatse munthu ngakhale mmodzi," anatero. "Uyu ndinamufikitsa ndekha mpaka pakhomo pawo. Ndinakhala pampando wawo, ndinamwa tiyi wawo, mwana akumutulutsira kuseri. Ndipo pochoka, Matilda, mnyamata uja ndinamuuza kuti zikomo."

Ndinachotsa kapuyo n'kukataya tiyi musinki, ndipo mawa lake ambulansi inadzawatenga, osabwereranso m'nyumbamo.