Masiku Amene Bambo Ankapita ku Zobue

Tinabadwa atatu, tonse aakazi, kumudzi kwathu kwa Nthache. Ine ndine wapakati. Anthu akawafunsa bambo athu kuti ali ndi ana angati, ankayankha kuti, "Sindinayambe kubereka ine, pakhomo pali akazi okhaokha." Ankanena zimenezi ife tili pomwepo, titagwada, tikuwasambitsa m'manja.

Sankatimenya kawirikawiri. Chawo chinali pakamwa. Mwana wamkazi asaseke mokweza, asakwere mumtengo, asayankhe asanafunsidwe. Mayi akayamba kufotokoza nkhani, bambo ankawadula, "Zachikazi zimenezo." Mayi ankangopitiriza kusankha nyemba.

Koma nyengo ya manachesi ikafika, bambo ankamangirira madengu panjinga kupita kukagulitsa kumalire. Nthawi zina ankawoloka mpaka ku Zobue n'kugona komweko. Masiku amenewo ndi amene ndimawasowa. Njinga ikangobisika kuseri kwa chulu, mng'ono wanga ankakwinya diresi n'kuthamangira mumtengo. Mayi ankatulutsa wailesi ya bambo n'kuyiika pamtondo. Kenako ankatsanzira kayendedwe ka bambo, mimba patsogolo, akutsokomola mwaulemerero, mpaka achemwali anga aakulu ankagwa pansi ndi phwete. Tinkadya manachesi pakhonde titatambasula miyendo, makoko ali mbwee pabwalo, zala zikununkhira tsiku lonse. Ndi masiku amenewo pamene ndinadziwa kuti mayi anga amatha kuimba mluzu kuposa anyamata oweta mbuzi.

Belu la njinga likamveka kunjira, tonse tinkabalalika. Wina kusesa makoko, wina kubwezera wailesi pamalo pake, kansalu kake pamwamba.

Bambo anamwalira kalekale, koma mwa ife sanachoke msanga. Achemwali anga aakulu anakwatiwa ku Thambani. Amapepesa chilichonse. Munthu akawaponda phazi pamsika, iwo ndi amene amati pepani. Mng'ono wanga amagulitsa zakudya kumalire ndipo amakalipira madalaivala a mathiraki ngati ana ake. Amuna amene anamufunsira onse anawabweza. Nditamufunsa chifukwa, anati, "Achemwali, mwamuna akangokweza mawu pang'ono, ine ndimamva bambo."

Ine ndinkadziona ngati ndinapulumuka. Ndinakwatiwa ndi munthu wofatsa, telala wa paboma, ndipo tili ndi ana aakazi awiri. Tsiku lina masana ndinali nawo pakhonde anawo, tikusenda chinangwa, wailesi ikuimba. Wamng'onoyo ankatisonyeza mmene anagwera m'matope pothawa galu, ife tikuseka. Geti litangolira, ndinadzuka, kuzimitsa wailesi, n'kuwatsinzinira ana kuti akhale chete. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita okha.

Amuna anga anaima pabwalo, jumbo ya nsalu ili m'manja.

"Mwazimitsiranji?" anafunsa. "Ndinamva kuseka ndili kumsewu, ndiye ndimafulumira kuti ndidzamveko nkhaniyo."

"Ndimati mwina mwatopa," ndinatero.

"Nthawi zonse ndikafika pamangoti zii. Ndinayamba kuganiza kuti mumakhala mukundinena."

Mwana wanga wamkulu anayankha asanafunsidwe. "Amama ndi amene amatiletsa, ababa. Amati abambo akabwera sitiseka."

Sindinkakumbuka kuti ndinawauzapo mawu amenewo, koma ndinadziwa kuti mwanayo sakunama. Misozi inayamba kutsika ndili chiimire, mpeni uli m'manja. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera amuna anga za kwathu, zinthu zimene sindinawauzepo chikwatiranireni. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza, anayatsa okha wailesi, kukhala pamkeka, n'kutenga mpeni wanga. Ankasenda chinangwacho mozama, theka lonse kupita ndi khoko, ndipo ana anawaseka poyera. Iwo anangoti, "Lumo ndiye ndimalidziwa, izi ayi."

Sindinganene kuti zinatheratu tsiku limenelo. Mpaka pano pamsonkhano wa kutchalitchi mwamuna akaimirira kuti alankhule, mfundo yanga ndimaimeza, ndikaitulutsa tili panjira yobwerera ndi amayi anzanga. Mwana wanga wamng'ono uja amawadula bambo ake pakati pa nkhani, kuwatsutsa za mpira, ndipo ine mawu omuletsa amandifika pammero. Ndimaluma mlomo n'kudikira. Bambo ake amatembenuka n'kumuyankha, iye n'kutsutsanso, mpaka chakudya kuzizira.